Chishalo cha Chikopa: Kuchikonza Kuti Mayi Apalase Njinga Popanda Kuvulala

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

 Lero tikamba za chishalo cha njinga, makamaka chishalo cha chikopa, ndi momwe tingachikonzere kuti mayi kapena mtsikana ayende ulendo wake bwinobwino. Ngati njinga ili pafupi, isendezeni pakhomo. Pezaninso sipanala, chidutswa cha katoni, khala kapena choko, kathabwa kakang'ono, botolo la madzi ndi tepi ya atelala. Zonsezi zigwira ntchito tikamapita. Abambo musachoke pa wailesi, chifukwa m'makomo ambiri sipanala imasungidwa ndi inu.

Mayi akadandaula kuti njinga ikumupweteka, yankho limene amalandira kawirikawiri ndi loti adzazolowera. Yankho limeneli lavulaza amayi ambiri, chifukwa ululu wa pachishalo uli mitundu iwiri, ndipo umene thupi limazolowera ndi umodzi wokha.

Woyamba ndi wa mafupa. Khalani pa benchi kapena pa mpando wa thabwa, mulowetse manja pansi pa matako. Mumva nsonga ziwiri zolimba. Amenewo ndi mafupa okhalira, ndipo ntchito yawo ndi kunyamula thupi lonse munthu akakhala pansi. Amene watha miyezi osapalasa, mafupa amenewa amamuwawa masiku oyamba, koma pakapita sabata ziwiri kapena zitatu ululuwo umazirala wokha. Umenewu ndi ululu wopirira.

Wachiwiri ndi wa kutsogolo, pa malo obisika a mayi. Ndilankhula mosabisa, amayi anzanga, poti manyazi ndi amene akulitsa vutoli. Pamenepo palibe fupa loti lisenze katundu. Pali minofu yofewa, mitsempha ya magazi, ndi mitsempha imene imatithandiza kumva. Pakachita dzanzi, pakatupa, pakasupuka, kapena mukamamva kuwotcha potaya madzi mutangotsika panjinga, dziwani kuti thupi lakhala pa malo olakwika. Zimenezi sizizolowereka. Mukaumirira, zimakula. Ndiye zonse zimene tichite lero cholinga chake ndi chimodzi: kubweza kulemera kwa thupi pa mafupa awiri aja.

Musaganize kuti ili ndi vuto la ife okha a njinga zotsika mtengo. Bungwe loyendetsa masewera a njinga ku Britain, la British Cycling, pokonzekera mpikisano wa Olympics wa ku Rio de Janeiro mu 2016, linafunsa akatswiri ake aakazi za nkhani imeneyi, ndipo linapeza kuti ambiri ankavutika mwakachetechete, osauza ngakhale madokotala a timu. Nthawi imeneyo lamulo la bungwe la UCI, limene limayang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, silinkalola kuti chishalo chipendekeke kupitirira madigiri 2.5. Umboni utaperekedwa, lamulolo linasinthidwa mu 2016, ndipo malire anafika pa madigiri 9. Tangoganizani, lamulo la dziko lonse kusinthidwa chifukwa cha kupendekeka pang'ono kwa nsonga ya chishalo. Ndi mmene nkhaniyi ilili yaikulu.

Tsopano tembenuzani chishalo chanu muone kunsi kwake. Ngati mukuona pulasitiki, kapena timawaya tambirimbiri tokutidwa ndi nsalu yonyezimira, chimenecho si cha chikopa, komabe zambiri zimene ndinene zikuthandizani. Cha chikopa chenicheni kunsi kwake kumaoneka chikopa chokhakhala, chochindikala pafupifupi theka la sentimita, popanda siponji kapena china chochirikiza pakati. Chikopacho chakhomeredwa mbali ziwiri zokha: kumbuyo pa chitsulo chokhota, ndi kutsogolo pa kachitsulo ka kunsonga, pamene pali bawuti ndi nati yokungira. Pakati ponse chili lende, chokungidwa monga chikopa cha ng'oma. Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsa ubwino wake ndi vuto lake lomwe. Chimapuma, sichitenthetsa thupi monga pulasitiki, ndipo pang'onopang'ono chimalowa pamene mafupa a mwini wake amatsamira, mpaka chimatenga maonekedwe a munthuyo. Koma chikakungika kwambiri kapena chikakhwepa, chimapweteka kuposa china chilichonse.

Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi kampani ya Brooks ya ku England. John Boultbee Brooks anayamba ntchito yake ku Birmingham mu 1866, akusoka zingwe za mahatchi. Kampaniyo imafotokoza kuti hatchi yake itafa mu 1878, iye anabwereka njinga, ndipo chishalo cha njingayo chinamupweteka kwambiri kotero kuti anaganiza zopanga chake. Mu 1882 analembetsa ku boma luso lake loyamba la chishalo cha njinga. Mpaka lero zishalozi zimapangidwa ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham, ngakhale kuti kuyambira 2002 kampaniyo ili m'manja mwa Selle Royal ya ku Italy. Njinga zakuda za Raleigh ndi Humber zimene agogo athu ankanyadira zinkabwera ndi zishalo za mtundu umenewu, ndipo njinga za ku India ndi ku China, monga Hero ndi Phoenix, zinatengera momwemo. Ndi chifukwa chake m'midzi mwathu zishalo zotere zikadalipo, zina zopitirira zaka za amene akuzikwera.

Tiyambe ndi kukula kwa chishalo m'mimba mwake, chifukwa chikachepa, ngakhale mupotokole manati onse simupindula kanthu. Mu 2008 ofufuza a pa University of Wisconsin ku America anayeza anthu opalasa njinga. Anapeza kuti mwa akazi, mtunda wa pakati pa mafupa awiri okhalira unali pafupifupi masentimita 13.5, pamene mwa amuna sunkakwana 12. Kusiyanako kukumveka kochepa, koma pachishalo chopapatiza ndi kokwanira kuti mafupa a mayi agwere m'mphepete, thupi lonse n'kutsamira pakati pomwe sipayenera kutsamira. Komatu anthu timasiyana. Alipo amayi a mafupa oyandikana, ndipo kunenepa kapena kuonda sikutiuza chilichonse pa nkhaniyi. Choncho dziyezeni nokha.

Ikani chidutswa cha katoni, ya mizeremizere m'kati ija, pa benchi yolimba. Valani chovala chopyapyala, khalanipo msana uli chilili, mukweze zidendene pang'ono kuti thupi litsamire ndithu. Mukadzuka mupeza timaenje tiwiri. Pakani khala mopepuka kuti tioneke bwino, ikani kadontho pakati pa kadzenje kalikonse, ndipo yezani ndi tepi kuchokera pa kadontho kena kufika pa kanzake. Pa nambala imene mwapeza muwonjezerepo masentimita 2 kapena 3. Pamenepa mumvetsetse: pa chishalo cha chikopa musayeze kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Kumbuyo kuli chitsulo chokhota chija, ndipo fupa likagwera pa chitsulocho kapena pa mitu ya misomali yake, mudikira mpaka kalekale kuti chifewe, poti chitsulo sichifewa. Yezani kunsi, m'kati mwa chitsulocho, pamene chikopa chili chomasuka. Mafupa onse awiri ayenera kugwera m'menemo.

Munthu akamapalasa ali chilili, monga timachitira pa njinga zathu zakuda za mahandulo okwera, amafunika chishalo chachikulu, chokhala ndi masipuling'i kumbuyo. Mwa zishalo za Brooks, za mtundu wa B66 ndi B67 zimapitirira pang'ono masentimita 20 m'mimba mwake. B17, chotchuka kwa oyenda maulendo ataliatali atawerama pang'ono, ndi masentimita 17.5. Palinso zimene amagulitsa kuti ndi za akazi, zolembedwa chilembo S kumapeto. Ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi zazikulu, koma ayi, ndi zazifupi chabe: B17 wamba ndi masentimita 27.5 m'litali, pamene B17 S ndi 24 ndi pang'ono. Anazifupikitsa kuti siketi isamakole kunsonga pokwera ndi potsika. Kwa ife zimenezi ndi zomveka. Ku Malawi lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo ngakhale lero ambiri timapalasa titamanga chitenje. Koma chishalo chachifupi chimakhala cholimbirapo poti chikopa chake ndi chochepa, komanso sichisuntha kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo. Ine maganizo anga ndi akuti musagule chishalo chifukwa choti wogulitsa wati ndi cha amayi. Gulani chimene chagwirizana ndi katoni yanu ija.

Tibwere pa kutalika kwa chishalo kuchokera pansi. Apa ndi pamene amayi ambiri amavulalira, chifukwa njinga ya pakhomo nthawi zambiri inagulidwa poyeza miyendo ya bambo. Tsamiritsani njinga kukhoma kapena wina aigwire. Khalani pachishalo, mutsitse pedulo imodzi mpaka pansi penipeni, muponde ndi chidendene. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke. Mukasuntha phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake monga timachitira popalasa, bondo lipindike pang'ono. Pamenepo ndiye poyenera.

Wina aime kumbuyo kwanu akuoneni mukupalasa. Akaona chiuno chikugwera uku ndi uku kuti phazi lifike pa pedulo, chishalo chakwera kwambiri. Kugwedezeka kumeneko kumapekesa malo ofewa pachikopa nthawi iliyonse pamene mwendo watsika, ndipo pa ulendo wa ola limodzi miyendo imatsika kosawerengeka. Zilonda zambiri za amayi zimachokera pamenepa. Kutsitsa kwambiri nakonso si kwabwino. Mawondo amawawa kutsogolo, mtunda umavuta kukwera, ndipo miyendo imaleka kuthandiza kunyamula thupi, choncho katundu yense amakhala pachishalo. Ndikudziwa kuti amene akuphunzira kumene, kapena amene wanyamula thumba la chimanga pakaliyala, amafuna kuti mapazi azifika pansi msanga. Zimenezo ndi zomveka, tsitsani pang'ono, koma mukazolowera njinga muzikweza theka la sentimita pa nthawi mpaka mufike poyenera.

Nanga paipi ya chishalo ikatsika mpaka kumapeto koma chishalo chikadali pamwamba? Zimachitika kawirikawiri pa njinga za mawilo a 28, chifukwa chishalo cha masipuling'i pachokha ndi chachitali. Yang'anani chopanira chimene chagwira zitsulo za pansi pa chishalo. Pa njinga zambiri zakale chopanirachi chimatheka kuchizondotsa, zitsulo za chishalo n'kukhala m'munsi mwa bawuti m'malo mwa pamwamba pake, ndipo chishalo chimatsikako ndithu. Ngati mwatero koma sizikukwanabe, felemu ndi yaikulu kwa inu, ndipo yankho loona ndi njinga yocheperapo, osati kupirira. Kwa amene mukukweza, paipi ili ndi kamzere kosonyeza malire. Musakatulutse kunja. Ngati kanafufutika, siyani masentimita osachepera 7 m'kati mwa felemu.

[NYIMBO YA KANTHAWI KOCHEPA]

Tabweranso. Amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za kakonzedwe ka chishalo cha chikopa kuti mayi apalase popanda kuvulala. Tsopano tafika pa kupendekeka kwake, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene chikopa chimasiyana ndi zishalo zina.

Imikani njinga pamalo osalala. Mukachiyang'ana chishalo cha chikopa cham'mbali, muona kuti sichowongoka. Kumbuyo ndi kotukuka, pakati ndi polowa, kenaka nsonga. Anthu ambiri amawongola nsonga kuti ikhale yogona bwino, osazindikira kuti potero mbali ya kumbuyo yasanduka chitsetse. Mayi akakhalapo amatsetsereka pang'onopang'ono, mafupa amachoka pamalo otakasuka, ndipo amathera pa malo opapatiza, pamene chikopa chimakanikiza pakati. Amadzikankhira kumbuyo, amatsetserekanso, ulendo wonse. Manja ndi mapewa zimatopa chifukwa ndi zimene zikumuletsa kugwera kutsogolo.

Choncho chimene tikuwongola ndi mbali ya kumbuyo, pamene mafupa amakhala. Ikani kathabwa pamenepo, mugoneke botolo la madzi losadzaza kwenikweni pamwamba pake motsata litali la njinga. Kampweya ka m'botolo kakaima pakati, ndiye kuti malowo agona bwino. Mudzaona kuti nsonga yaloza m'mwamba pang'ono, ndipo musadabwe nazo. Yambirani pamenepo. Amuna ambiri amathera pomwepo, koma kwa amayi ambiri nsonga yotero imakanikiza kutsogolo, ndiye imafunika kutsitsidwa pang'ono. Mawu akuti pang'ono ndikuwatsindika. Chopanira cha njinga zathu chili ndi mano. Masulani nati, nthawi zambiri ndi sipanala ya 13 kapena 14, mutsitse nsonga dzino limodzi lokha, mumangenso zolimba, ndipo mupalase mphindi 20 kapena 30 musanaweruze. Thupi likuuzani. Mukamva kukanikiza kapena dzanzi kutsogolo, nsonga ikadali pamwamba. Mukamatsetsereka ndipo zikhatho zikuwawa, yatsika kwambiri, ibwezeni. Nthawi zina malo abwino amakhala pakati pa mano awiri. Zikatero, kusuntha chishalo kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono kumathandiza kupeza chimene mano akukukanizani. Ndipo ngati mano adyeka, chishalo n'kumagwa chokha mukagunda dzenje, gulani chopanira china. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chilonda.

Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Lembani ndi choko kapena penti pamene paipi inali ndi pamene chopanira chinali, kuti mukasokoneza muthe kubwerera.

Pali amayi ena amene amatsitsa nsonga, n'kuitsitsanso, koma ululu osatha. Kawirikawiri vuto lawo silikhala pachishalo, limakhala pa mahandulo. Munthu akawerama kufikira mahandulo amene ali kutali kapena pansi, chiuno chimagubudukira kutsogolo, mafupa okhalira amanyamuka, ndipo kulemera kumasamukira kutsogolo komwe tikukuteteza. Mu 2012 ofufuza a pa Yale University anafalitsa zimene anapeza mwa akazi 48 opalasa njinga sabata iliyonse. Amene mahandulo awo anali m'munsi mwa chishalo ankakanikizika kwambiri pa malo obisika, ndipo kumva kwawo pamalopo kunali kochepa poyerekeza ndi anzawo. Ndiye kwezani mahandulo afanane ndi chishalo kapena achipitirire. Masulani bawuti ya pamwamba pa mahandulo, muigogode pang'ono kuti imasuke m'kati, mukweze osapitirira kamzere ka malire. Koma chenjerani: ngati njinga yanu ili ndi mabuleki a zitsulo, kukweza mahandulo kumakoka zitsulozo, ndipo mabuleki amafunika kuwakonzanso musanakwere. Ngati simunachitepo, pitani nayo kwa okonza njinga. Mikono ikakhala yaifupi, senderezani chishalo kutsogolo pa zitsulo zake, kapena tembenuzani chopanira chiloze kutsogolo kwa paipi.

Tsopano nati ya kunsonga ija, yokungira chikopa. Ndaisunga dala mpaka pano chifukwa ndi imene anthu amathamangira poyamba, pamene iyenera kukhala yomaliza. Chishalo chatsopano musachikhudze nati imeneyi. Ntchito yake imabwera patapita nthawi, chikopa chikatamuka. Zizindikiro zake ndi izi: mukakhalapo chikopa chikugunda chopanira kunsi, kapena m'mbali mwake mwatambasuka n'kumakwecha ntchafu. Zikatero potokolani nati kota yokha ya kuzungulira kumodzi, mupalase masiku angapo, muone. Bawuti imeneyo ili ndi polekezera, ndipo chikopa chimene chakokedwa sichibwerera. Mukaimaliza, chishalo chatha.

Kwa amayi pali choopsa china chapadera. Mafupa akamalowetsa timaenje tiwiri kumbuyo, chikopa cha pakati chimatsala pamwamba, n'kupanga kamtunda kolimba koyenda m'litali. Mukakunga kwambiri, kamtunda kameneka kamakwera n'kulimbiratu, ndipo kali ndendende pamene sipafunika kukanikizidwa. Yendetsani dzanja pachishalo chanu tsopano lino. Ngati mwakamva, kukunga si mankhwala ake. Bwezani nati pang'ono, ndipo muonenso kupendekeka kwa nsonga.

M'mbali mukatambasuka, pali njira ina yabwino kuposa kukunga. Wosoka nsapato aboole timabowo tinayi kapena tisanu m'mphepete mwa mbali iliyonse, mulowetse chingwe cha nsapato chodutsa kunsi, mukoke mbali ziwirizo ziyandikane. Kokani mongokwanira kuti zileke kukwecha ntchafu, chifukwa mukakoka kwambiri kamtunda kaja kamatukukanso. Ena amafika podula kabowo kotalika pakati pa chishalo kuti pasakhale chokanikiza. Nzeru imeneyi si yatsopano, inalipo kale m'zaka za m'ma 1890, ndipo lero Brooks amagulitsa zishalo zotero, monganso kampani ya Selle Anatomica ya ku America. Amayi ena zimawathandiza kwambiri, ena m'mphepete mwa bowolo ndi mmene mumawatsina. Ngati mwaganiza zodula, chikhale chinthu chomaliza mutayesa zonse. Wodulayo ayambe ndi bowo laling'ono, kumapeto kwake kukhale kozungulira kuti chikopa chisang'ambike, asalaze m'mphepete, ndipo amange chingwe kunsi, poti chikopa chodulidwa chimafooka.

Abambo, apa ndilankhule ndi inu. Chishalo chimene mwakhala mukupalasira zaka zambiri chili ndi timaenje ta mafupa anu, ndipo tanena kale kuti mafupa a akazi anu mwina ndi otalikirana kuposa anu. Iwo akakhalapo, mafupa awo amagwera kunja kwa timaenjeto, kamtunda ka pakati n'kumawapweteka. Sikuti akudandaula pachabe. Ngati njinga ndi imodzi pakhomo, njira yabwino ndi kukhala ndi zishalo ziwiri, chilichonse pa paipi yake, chokonzedwa kale mwa mwini wake. Kusinthanitsa ndi kumasula nati imodzi basi. Chimodzimodzi mwana wamkazi amene amapita kusukulu pa njinga imene mkulu wake wamwamuna anasiya: mufunseni, kapena mayi ake amufunse, chifukwa yekha sanganene. Ndipo zoti njinga imalepheretsa mtsikana kudzabereka zilibe umboni uliwonse. Musamuchotse panjinga, mukonzereni chishalo.

Chishalo chatsopano chimafuna kuleza mtima. Yambani ndi maulendo aafupi, muziwonjezera pang'onopang'ono. Musachimenye ndi hamala, musachiviike m'madzi, ndipo chonde musachithire oyilo wa galimoto kapena mafuta ophikira. Chimafewa msanga, inde, koma kenaka chimatamuka osalekeza, chimada, n'kumathimbiriritsa zovala. A Brooks amagulitsa mafuta awo otchedwa Proofide. Kumene sapezeka, polishi wa nsapato wopanda mtundu amathandiza, kapena phula la njuchi losungunulidwa ndi mafuta a ng'ombe pang'ono. Pakani mopyapyala, musiye usiku, m'mawa mupukute ndi kansalu. Kawiri kapena katatu pachaka ndi kokwanira. Ngati njinga ilibe zotchinga matope, pakaninso kunsi kamodzi osapukuta.

Mdani wamkulu wa chikopa ndi mvula. M'dzinja muzisunga jumbo kunsi kwa chishalo, muzichiphimba mukaimika njinga panja. Chikanyowa ndithu, pewani kuchikwera ulendo wautali, chifukwa chikopa chonyowa chimatamuka tsiku limodzi kuposa mmene chikanatamukira chaka chonse. Chiumitseni pamthunzi podutsa mphepo, osati pamoto kapena padzuwa lamphamvu, ndipo musakunge nati chili chonyowa.

Ambiri timakulunga siponji kapena nsanza pachishalo pofuna kuti pafewe. Pa ulendo wopita kuchigayo zimamveka bwino, koma pa ulendo wautali mafupa amamira m'siponjimo, yotsalayo n'kutukukira pakati, kukanikiza malo omwe aja, uku ikusunga thukuta. Chichotseni chokulungacho muyambe mwakonza chishalo chenichenicho. Zovala nazo muziyang'ane. Msoko wochindikala wa pakati pa jinzi umapweteka, ndipo chitenje chikadzikundika pansi panu chimachita chimodzimodzi, choncho chiyaleni bwino musananyamuke. Valani zam'kati za thonje zopanda misoko yokhuthala, ndipo mukafika sambani ndi kusintha msanga. Pamene khungu limakwechana mungapake mafuta odzola opanda fungo. Muli panjira, pakapita mphindi 10 kapena 15 muziimirira pa mapedulo kanthawi kuti magazi ayende, komanso muzinyamuka pang'ono mukamadutsa pa mabampu.

Amene mwangobereka kumene, makamaka ngati munasokedwa, musafulumire. Dikirani mpaka mukaonedwe kusikelo ya pakatha sabata 6, ndipo mufunse anamwino ngati mungayambe. Mukayamba, muyeze zonse mwatsopano, chifukwa thupi limakhala litasintha. Amene muli oyembekezera, funsaninso kusikelo, ndipo mimba ikamakula kwezani mahandulo kuti musamawerame. Kwa wina aliyense, dzanzi likapitirira tsiku lonse mutatsika panjinga, kutupa kukakana kuphwa, pakatuluka chithupsa kapena chotupa cholimba, kapena mukaona magazi m'mikodzo, siyani njinga mupite kuchipatala. Mukawauze a zaumoyo momveka kuti mumapalasa njinga, mtunda wake, ndi pamene pakupweteka, kuti adziwe poyambira.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za mabuleki a zitsulo, momwe tingawakonzere tikakweza mahandulo, ndi momwe tingadziwire kuti mphira zake zatha. 

[NYIMBO YOTSEKERA]